Madzi Ali Kuja

Mutu 6

1. Kutsanzika

Jabir ndi Feston anali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Jabir anali Msilamu wa ku Ndirande, mnyamata wa pakamwa, wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kuyankha. Feston anali wa ku Chilomoni, woimba kwaya kutchalitchi, wofatsa mpaka nthawi zina anthu kuiwala kuti alipo. Anakumana kusekondale, ndipo atalemba mayeso a Fomu 4 sanasiyane. Jabir anayamba kukonza mafoni mumsika wa Ndirande, pamene Feston ankathandiza mayi ake kugulitsa kaunjika.

Ulendo unali maganizo a Jabir. Tsiku lina anaona azungu awiri akutsika basi pa Wenela atabereka zikwama zazikulu, nkhope zitapsa ndi dzuwa koma akuseka. Anawayang'ana mpaka anakhota.

"Aise, kodi dzikoli analengera azungu okha kuti aziliona?" anatero kwa Feston madzulo ake. "Nafenso miyendo tili nayo. Tiye ku Tanzania. Tikaone mabwinja a ku Kilwa, tikaone Bagamoyo, tikamalize ndi kusamba ku Zanzibar. Ine ndizikajambula mavidiyo, mafana a ku Ndirande kuno aone kuti zimatheka."

Feston sanali wothamangira zinthu, koma mnzake akati tiye, ankapita. Anadzimana zambiri, anasunga, anakatenga mapasipoti, ndipo zikwama zobereka anazipeza m'belo la kaunjika la mayi ake a Feston. Chinatsala n'kutsanzika.

Anayamba ndi a Hamudi, alongo awo a mayi ake a Jabir, omwe iye ankawatchula kuti Mjomba. A Hamudi anayendetsa mathiraki zaka zambiri kupita ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala mpaka msana unawakana. Tsopano ankagulitsa masipeya a galimoto m'kashopu ka malata. Anawakhazika anyamatawo pamatayala akale n'kuzimitsa wailesi.

"Kuyenda n'kwabwino, sindikukukanizani," anayamba. "Makolo athu ife Ayao ankapita ku Kilwa wapansi atasenza minyanga ya njovu. Ndipo tisabise, ena ankapita ndi anthu omangidwa. Mukakafika mukaone, mukaganize. Koma tamverani ine. Kudziko la eni pasipoti ndi khungu lako, ndipo khungu salisiya m'chikwama. Tenga kathumba aka, n'komwe ndinkayenda nako ine. Ulowetsemo mapasipoti onse awiri, umange m'chiuno mkati mwa malaya. Pogona ugone nako, pakudya udye nako."

"Zili bho, Mjomba," anatero Jabir.

"Sindinamalize. Iwe ndimakudziwa, pakamwa pako pamafika mutu usanafike. Chiswahili si Chichewa chovala mkanjo ayi. Mawu ena amafanana ngati mapasa, koma mitima yawo ndi yosiyana. Ukapanda kumva, funsa. Safunsa adadya phula.

"Komanso nyanja ya kumeneko si ya ku Mangochi. Yathu ija imakhala pomwe unaisiya. Ukasiya nsapato m'mphepete m'mawa, madzulo uzipeza. Yamchere ija imapuma ngati munthu. Imachoka, kupita kutali mpaka iwe n'kumati yatha. Kenako imabwerera, ndipo pobwerera sinena odi. Ine ndinaona ndi maso angawa ku Beira. Mnzanga wina anaimika kagalimoto kake pamchenga wouma n'kupita kukadya nsomba. Pobwera anapeza denga lokha likusuzumira."

Jabir ankagwedeza mutu, koma maso anali pafoni. Kwa iye zinali nkhani za madalaivala, zija zimakula ndi mtunda. Za madzi okwera ndi otsika anaziphunziradi m'Jogalafe, anakhoza nazo mayeso, n'kuzisiya m'holo momwemo pamodzi ndi pensulo. Feston ndiye anamvetsera mpaka a Hamudi anakweza manja n'kuwapangira dua, pemphero lowapemphera ulendo wabwino.

Tsiku lonyamuka, mayi ake a Feston, a Maggie, anawaperekeza mpaka pa Wenela ndi jumbo ya mandasi ndi mtedza wokazinga. Feston atalowa m'basi kukasunga malo, mayiwo anamugwira Jabir mkono.

"Tamvera mwanawe. Bambo ake a Feston anandisiyira mwana mmodzi yekhayu. Ndakulolani chifukwa ndimakudziwa, ndipo kuyenda awiri si mantha. Koma mnzakoyu ndi wamanyazi. Njala ikamupweteka sanena, nsapato ikamuluma sanena. Ndiye uzimuyang'ana nkhope, osadikira pakamwa. Komanso mwanena za kunyanja. Iyeyu madzi amawadziwa a m'beseni basi. Kusambira satha ngakhale pang'ono, olo akuuze kuti amatha. Zithunzi zanuzo ine sindikuzifuna. Mwachoka awiri, mubwere awiri. Ndikufuna ndidzaime pomwe pano, mwana wanga atsike basi ndi miyendo yake."

"Musadandaule, amayi," anatero Jabir. "Ndibwera naye."

Analonjeza ndi mtima wonse. Kungoti kulonjeza pa Wenela n'kosavuta, chifukwa palibepo nyanja.

2. Mabwinja a ku Kilwa

Msewu unali wautali. Mandasi anatha asanafike ku Mzuzu, mtedza unathera pamalire a Songwe. Anadutsa Mbeya miyendo itatupa, anagona m'basi, anagona pamabenchi, ndipo ku Dar es Salaam kutentha kunawalandira ngati uvuni wa njerwa. Kuchokera kumeneko anatsetsereka kummwera mpaka ku Kilwa.

Mabwinjawo ali pachilumba, choncho anakwera ngalawa yoyendera mphepo. Feston anagwira thabwa ndi manja onse awiri njira yonse, maso ali kumwamba. Jabir ankamujambula n'kumamuseka.

Atatsika, kuseka kunatha. Pakati pa milambe panali makoma a miyala ya m'nyanja, akale kuposa nyumba iliyonse ya mu Blantyre, ngakhale ya Mandala. Panali nyumba ya mfumu yokhala ndi masitepe otsikira kumadzi. Panalinso mzikiti waukulu wa nsanamira zambirimbiri, denga lake lozungulira ngati miphika yovundikira. Bambo wowaperekeza, yemwe ankayankhula Chingerezi, anawauza kuti golide, minyanga ndi nsalu zinkadutsa pamenepo azungu asanadziwe n'komwe njira ya kuno.

Jabir anavula nsapato n'kulowa mumzikitimo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Ndirande, foni inalowa m'thumba. Anaima pomwe anthu ankaswali kalekale, naye anaswali. Feston anamudikira panja pamthunzi akuyang'anira zikwama zonse ziwiri.

Pobwerera kudoko, wowaperekezayo anafotokozanso za akapolo omwe amalonda ankabwera nawo kugombe limeneli, ambiri ochokera kwathu kuno.

"Mani," anatero Feston, "mwina agogo ako ndi agogo anga anabwera kuno limodzi. Ako kutsogolo, anga m'goli."

Sananene mokwiya. Koma mawuwo anamulasa Jabir. Anangotambasula dzanja n'kulanda chikwama cha Feston, n'kuchipachika kutsogolo, chake chili kumsana.

"Agogo angawo anawasiya ako kunyanja," anatero. "Ine ndibwerera nawe."

Feston anaseka mpaka anakhala pansi. "Ndikanadziwa kuti mbiri imanyamulitsa chikwama, ndikananena tili ku Mbeya!"

3. Womasulira wamkulu

Ku Bagamoyo anapeza tauni ya nyumba zakale za Aarabu ndi Majeremani. Zina zinali zitagumuka, mitengo itamera m'mawindo, koma zitseko zake zinali zosemedwa mwaluso zedi. Anagona m'kanyumba ka alendo kotchipa, kokhala ndi fani yolira kwambiri koma yosabweretsa mphepo. Masana ankayenda m'tinjira topapatiza akumwa madzi a kokonati.

Pofika apa n'kuti Jabir atadzipatsa udindo wa womasulira. Chiswahili chake chinali cha m'nyimbo, chowonjezera ndi mawu ochepa otola kwa Mjomba, koma ankachiyankhula ngati wobadwira konko. Akamva maji ankati madzi, akamva mtu ankati munthu, akamva nyumba ankati nyumba. Zinkayenda, ndipo mutu unakula.

Tsiku lina anaima kutsogolo kwa boma lakale la Majeremani, Feston atagwira foni.

"Abale anga a ku Malawi, tili ku Bagamoyo," anayamba. "Dzinali likuchokera ku mawu oti bwaga moyo, kutanthauza kuti taya moyo. Ukafika kuno, basi wafa!"

Bambo wina wogulitsa kokonati pafupi anafunsa Feston m'Chingerezi zomwe mnzake wanena. Atamuuza, bamboyo anapukusa mutu n'kudzigunda pachifuwa. Anafotokoza kuti m'Chiswahili moyo ndi mtima, ndipo bwaga moyo ndiye kuti tula mtima wako pansi. Ena amati anali mawu a onyamula katundu pofika kumapeto kwa ulendo, ena amati a akapolo potsanzika dziko lawo.

"Womasulira wamkulu!" anatero Feston akuwomba m'manja. "Mjomba ananena paja. Mapasa koma mitima yosiyana."

"Aaa iwe, moyo ndi mtima zimayendera limodzi," anayankha Jabir. Vidiyoyo anaifufuta, ndipo phunziro lake analifufutira pomwepo.

Chinanso chinachitika ku Bagamoyo chomwe Feston sanachione. Kathumba ka mapasipoti kaja kanali katamutulutsa Jabir tizilonda ta thukuta m'chiuno, komanso pavidiyo kankamutupitsa mimba ngati bwana wa kampani. M'mawa wa tsiku lonyamuka, Feston ali kubafa, Jabir anakamasula n'kukaponya pansi pa chikwama chake. Anati adzakamanganso akamayandikira malire.

4. Kachilumba ka mchenga

Anawolokera ku Zanzibar pa boti, n'kukwera kaminibasi mpaka kugombe la kum'mawa. Kumeneko n'komwe kuli mahotela a anthu olemera, mchenga woyera ngati ufa, ndi mipando yogonapo pansi pa mitengo ya kokonati. Anyamata athu malo ogona anali asanapeze, choncho anafika kumchenga atabereka zikwama. Atangokhala pamipando iwiri, mlonda wa hotela anatulukira n'kuwalozera njira ndi ndodo.

Jabir zinamuwawa kwambiri. Mtunda wonse uja, kudzathamangitsidwa pampando! Anayang'ana kunyanja, ndipo anadabwa. Nyanja kunalibe. Madzi anali atapita kutali, kusiya bwalo lalikulu la mchenga wonyowa ndi timadamu. Amayi ambiri anali atawerama pamenepo akukolola ndere zomwe amalima pazingwe. Kutali kwambiri, kupitirira onsewo, kunkawala kachilumba ka mchenga kopanda mtengo, kopanda munthu.

"Uko kulibe mlonda," anatero Jabir. "Vidiyo yomaliza tikajambulira kumeneko. Ife awiri, pakati pa nyanja, wapansi!"

Anapinda mathalauza n'kuuyamba. Akudutsa pomwe panali amayi aja, mmodzi wachikulire anaweramuka n'kuwaitana. Anayang'ana zikwama zawo, anayang'ana dzuwa, kenako analoza kunyanja.

"Wanangu!" anakuwa. "Hapa kuna maji kupwa na maji kujaa! Maji kujaa!"

"Akuti chani?" anafunsa Feston.

"Zophweka," anatero Jabir. "Wanangu ndi ana anga. Maji kupwa, madzi aphwa. Maji kujaa, madzi ali kuja. Sukuona akuloza? Akutiuza kuti pano madzi anaphwa, atsala kuja. Asante, mama!"

Mayiyo sananene zimenezo. Kupwa n'kuphwadi, pamenepo Jabir analasa. Koma kujaa m'Chiswahili si kuja kwathu kolozera malo ayi. Ndi kudzaza. Mayiyo ankawachenjeza kuti pamalopo madzi amaphwa n'kudzazanso, ndipo nthawi yodzaza inali pafupi.

Feston anaima. "Koma Mjomba anati nyanja iyi imabwerera."

"Iwe, chitsime cha ku Chilomoni chikaphwa mu Okutobala, chimadzaza tsiku lomwelo? Chimadikira mvula. Tayang'ana kumwamba. Mtambo ukuuona?"

Kumwamba kunalibedi mtambo. Jabir akanayang'ana nkhope ya mnzake monga anamuuzira a Maggie, akanaona mantha. Koma iye maso anali pakachilumba. Mayi uja anawakuwiranso, iwo anangomubayibitsa n'kupitirira. Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

5. Nyanja ibwerera

Kachilumbako kanali kokongola, tisaname. Anajambulana, anathamangitsa nkhanu, analemba pamchenga kuti NDIRANDE ndi CHILOMONI ndi zilembo zikuluzikulu. Jabir anayankhula pavidiyo mpaka mawu anasasa. Atamaliza anaika foni m'chikwama kuti isalowe mchenga.

Woyamba kuona anali Feston. "Mani, CHILOMONI yapita."

Madzi anali atanyambita zilembozo. Anacheuka kuyang'ana komwe anachokera. Amayi a ndere aja kunalibe, onse anali atakwera kumtunda. Bwalo la mchenga lomwe anadutsapo linali litasanduka nyanja, ndipo kachilumba komwe anaimapo kankachepa iwo akuona. Kunalibe chimphepo, kunalibe phokoso. Madzi ankangobwera, osanena odi.

"Tiye msanga," anatero Jabir, mawu atasintha. "Senza chikwama pamutu. Uziponda pomwe ndikuponda."

Poyamba madzi analekeza m'mawondo, kenako m'chiuno. Pakati pa njira panali kakhwawa komwe popita anakadumpha akuseka. Tsopano kanali mtsinje, madzi akuthamanga mwamphamvu. Jabir anaphunzira kusambira kwa agogo ake ku Mangochi, choncho analowamo osaopa, madzi ali pachifuwa, manja onse awiri atagwira chikwama pamutu. Anali atatsala pang'ono kuponda posaya pamene anamva mawu kumbuyo.

"Jabir!"

Feston anali ataterereka. Chikwama chake chinali chitapita kale. Mutu wake unamira, unatulukira, unamiranso, ndipo madzi ankamukokera kumbali, kutali ndi mnzake.

Jabir anaima. Pamutu pake panali foni, ndipo m'fonimo munali Kilwa, Bagamoyo ndi thukuta lonse la mumsika wa Ndirande. Pansi pa chikwamacho panali kathumba ka Mjomba. Poika chikwama panalibe, ndipo munthu womira sagwiridwa ndi dzanja limodzi. Akanatha kuthamangira posaya, kukachipachika penapake n'kubwerera. Koma maso anamuuza kuti pobwerera sapeza munthu.

Anatsegula manja. Chikwama chinagwera kumbuyo, ndipo sanachicheukire.

Anasambira ndi mphamvu zake zonse. Atamufika, Feston anamukakamira pakhosi, onse awiri n'kumira. Jabir anamwa madzi amchere, anadzimasula movutikira, n'kumugwira mnzake chakumbuyo, mkono pansi pa chibwano, monga ankachitira asodzi a ku Mangochi.

"Usandigwire! Gona chagada! Feston, gona chagada, ndakugwira ine!"

"Ndikufa, mani!"

"Sufa! Mayi ako akudikira pa Wenela. Puma!"

Kulimbana ndi madziwo sakanatha, choncho anangoyandama kuti aziwatenga, iye akupalasa ndi miyendo kuti nkhope ya Feston isamire. Miyendo inayamba kulemera. Mkono unachita dzanzi. Jabir ankapemphera m'Chiarabu, Feston m'Chichewa, madzi akuwalowa m'kamwa onse awiri.

Kenako anamva kugunda kwa nkhafi. Inali ngalawa yaing'ono, ndipo wopalasa anali msodzi wina dzina lake Bilal, mwana wa mayi wa ndere uja. Mayiyo ataona kuti alendo sanamve, anali atasiya mtolo wake n'kuthamanga kukamuitana. Bilal anamukoka Feston ndi lamba wa thalauza, kenako anakoka Jabir.

6. Pamchenga wouma

Kumtunda anthu anali atasonkhana. Feston anasanza madzi amchere, anatsokomola, kenako anagona akupumira m'mwamba. Mayi uja anawafunditsa zitenje n'kuwamwetsa tiyi wa jinja. Kwinaku ankawakalipira mosalekeza, chala chili pamphuno ya Jabir. Ulendo uno Jabir sanayerekeze kumasulira. Anapempha Bilal, yemwe ankadziwa Chingerezi, kuti awauze zomwe mayi ake akunena.

"Amayi akuti chonchi," anatero Bilal. "Ife tinabadwira pompano, koma nyanjayi timaiopa mpaka lero. Inu mwafika lero lomwe, mukuiponda ngati bwalo la kwanu. Mlendo akafika amayang'ana zomwe eni malo akuchita. Mutaona ife tikumanga mitolo, munkati tikuthawa chiyani? Ndipo chiyankhulo ukapanda kuchimva, umaima n'kufunsa kawiri. Wofunsa amasekedwa kamphindi, koma wongogwedeza mutu amaliritsa amake. Akuti tiyi uyu mumwe yense, ndipo mukakafika kwanu mukauze anzanu kuti madzi a kuno amapita n'kubwera."

Jabir anagwada pamchenga. "Samahani, mama. Asante," anatero, ndipo awa anali mawu omwe ankawadziwa bwino tanthauzo lake, kupepesa ndi kuthokoza. Kenako analira, misozi yeniyeni, pamaso pa anthu osawadziwa. Sanalire foni. Analira chifukwa anatsala pang'ono kukatsika pa Wenela yekha.

Anthu atayamba kubalalika, Feston anadzuka n'kukhala tsonga.

"Mavidiyo onse apita?"

"Apita."

"Ndi a ku Kilwa omwe?"

"Onse."

Feston anapukusa mutu. "Pepa, mani. Koma bola Mjomba anatipatsa nzeru ya kathumba. Mapasipoti akanyowa amauma."

Jabir anakweza malaya pang'onopang'ono. M'chiuno munalibe kanthu koma tizipsera ta thukuta.

"Ndinakavula ku Bagamoyo," anatero. "Kanali m'chikwama, ndipo pochitaya ndimadziwa kuti kali momwemo. Wolakwa ndine, Feston. Mjomba ananena, mayi ako ananena, mayi awa ananena. Iwenso unanena."

Feston anayang'ana nyanja. Inali itadzaza mpaka pafupi ndi mipando ya hotela ija, ili phee ngati sinalakwe kanthu. Kachilumba kaja kunalibe.

"Wandimwetsa madzi amchere ndiwe, ndipo zimenezo ndikakunenera kwa Mjomba," anatero. "Koma ukanakakamira chikwama chija, bwenzi pasipoti yanga ikubwerera ku Chilomoni yokha. Mayi anga akanatani nayo?"

Anakhala choncho mapewa atagundana, m'zitenje zobwereka. Analibe nsapato, analibe foni, analibe kanthu kalikonse kosonyeza kuti ndi ana a ndani, ochokera kuti. Koma anali awiri.

Ndipamene anaona mlonda wa hotela uja akubwera m'mphepete mwa madzi. Sanali yekha. Pambali pake panali wapolisi, ndipo mlondayo ankawaloza ndi ndodo yomwe ija. Wapolisiyo anaima patsogolo pawo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutambasula dzanja.

"Pasipoti," anatero.

Mawu amenewo sanafunike womasulira.